Fulashi ya Amalume Ako

Lisungwi, Lachisanu masana

Ndaziona mwana wanga,

Magetsi athima titangodya, ndiye ndatseka chitseko chimodzi cha shopu n'kukhala pampando wako uja wa pazenera kuti ndikulembere. Ndili pakati pa makompyuta awiri ndi pulinta, koma ndikulemba ndi bolopeni ngati mwana wa sitandade eyiti. Usaganize kuti ndi chifukwa cha magetsi okha. Ngakhale akanayaka sindikanatayipa, pakuti unandiphunzitsa ndiwe kuti makina saiwala. Kalatayi ndiika pansi pa chikwama chako, uipeza ukamamasula katundu ku Lilongwe.

Mawa ukupita kukayamba ntchito yoteteza makompyuta ndi mapulinta a kampani ya eni. Nkhani imeneyi ndauza aliyense amene walowa muno sabata ino, ngakhale wongofuna envulopu imodzi. Che Amidu, a shopu ya misomali ndi malata yoyandikana nafeyi, dzulo anandidula pakamwa. "Mayi a Ndazi, tamva. Ngakhale mbuzi za pamsika zamva. Mwanayo akukalondera makina, eti? Ndiye mumugulire tochi ndi chibonga." Ndinawauza kuti akuba ake salowera pazenera. Iwo anati, "Nanga amalowera pati?" Ndinangoseka, koma yankho ndili nalo, ndipo ndi limene ndikufuna upite nalo.

Pali chinanso. Lachiwiri ndinakumva ukuuza bambo ako kuseri kwa nyumba kuti mwina ntchitoyi uikane, chifukwa ukachoka amayi abwerera zakale, shopu igwanso m'manyazi aja. Sunadziwe kuti ndinali pafupi ndikuyanika zovala. Sindinakwiye, chifukwa mantha akowo ali ndi pochokera. Koma ndikufuna upite ndi mtima wonse, osati theka ku Lilongwe theka pakauntala pano. Werenga mpaka kumapeto, kenako uweruze wekha.

Za makina sindingakulangize. Iwe uli ndi dipuloma, ine ndili ndi satifiketi ya fomu folo ndi zala zodziwa kutayipa. Chimene ndikudziwa ine ndi anthu, pakuti zaka zonsezi ndakhala ndikuwerenga mapepala awo uku ndikunamizira kuti ndikungoona zilembo. Ndipo ndaona kuti wakuba wa m'makina sathyola loko. Amaima pakhomo n'kunena kuti odi, ndipo ife, popeza tinaleredwa bwino, timamupatsa mpando. Zolakwa zanga zonse zinalowera pakhomo limeneli.

Choyamba chinachitika usanabadwe. Nditamaliza sukulu ndinkatayipa pa ofesi ina ku boma, nthawi ya makina aja olira ngati matalala padenga la malata. Kalata iliyonse tinkaika kaboni pakati kuti atuluke mapepala awiri. Tsiku lina ndinatayipa mndandanda wa anthu oti asamutsidwe kupita kumadera akutali, nkhani imene tinkaidziwa awiri okha, abwana ndi ine. Makalatawo ndinatsekera m'kabati, kiyi ndinamanga pansonga ya chitenje. Poweruka, mlonda wa paofesipo, bambo wachikulire amene ankandipatsa moni ngati mwana wake, anandipempha mapepala otha ntchito oti akayatsire mbaula. Munthu wamkulu ungamukanize zinyalala? Ndinamupatsa dengu lonse, kaboni ali momwemo. Kaboni watsopano ukamuyang'ana padzuwa amawerengeka mzere ndi mzere. Pofika Lolemba boma lonse linali litadziwa amene akupita kumapiri ndi amene akutsala, ndipo mkazi wa mmodzi wa iwo anadzalira pakhomo pa abwana. Abwanawo sanakalipe. Anangoika kaboni uja patebulo panga n'kunena kuti, "Mwatsekera ana m'nyumba, mayi wawo mwamusiya panja."

Pulinta ndiye kaboni wa masiku ano, Ndazi. Ukafika kuntchitoko adzakuyendetsa m'maofesi kukuonetsa makompyuta, koma palibe adzakuonetse pulinta. Imakhala pakona, anthu amaiona ngati wantchito wopanda maso. Koma kalata yochotsa munthu ntchito imadutsa mmenemo, ya malipiro imadutsa mmenemo, ndipo ili pa intaneti ngati anzake aja. Uyambire pakona pamenepo. Ndipo tsiku limene adzati yakalamba, aigulitse kapena apatse munthu, ukumbukire dengu langa lija.

Chachiwiri ukuchikumbukira, ngakhale sunandikumbutsepo. Unali fomu thiri, pa holide, ukukhala nane muno. Amalume ako a Lameki, achimwene anga aakulu, mwini mbumba yathu, analowa ndi fulashi yawo yomangirira ku makiyi a njinga, akufuna ndiwatulutsire ndondomeko ya msonkhano wa kalabu yawo ya alimi. Iwe unafunsa kuti fulashiyo yachokera kuti. Anati yachokera m'thumba mwawo. Unafunsanso kuti inalowapo m'makompyuta a ndani, iwo n'kuyamba kuwerenga ndi zala monyadira: ku Mwanza, kusukulu, kwa alembi a mpingo, kwa woika nyimbo m'mafoni pamsika. Ndiye iwe, manja uli kumbuyo, mawu otsika bwinobwino, unati, "Amalume, chonde isalowe mu kompyuta iyi. Ingatipatsire matenda."

Munali anthu asanu m'shopu muno. Amalume ako sanakuyang'ane n'komwe, anatembenukira kwa ine. "Mlongo wanga, kodi ndi mwana wako uyu akunditcha wodwala?"

Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anandichititsa chopusa. Ndinakukalipira pamaso pa anthu, ndinati sukulu yakutha ulemu, ndinatenga fulashi ija n'kuilowetsa ndi dzanja langa. Ndondomeko inatuluka bwinobwino, amalume ako anapita atakweza mapewa. M'mawa mwake mafoda onse anali ndi kamuvi pakona, ukadina osatseguka. Makalata ofunsira ntchito a anthu, mayeso amene aphunzitsi anandisiyira kuti nditayipe, zonse. Choipitsitsa, fulashi iliyonse imene inalowa pambuyo pa ya amalume inatenga matendawo kupita nawo kwawo. Mayeso aja tinatayipanso masiku anayi, iwe ukuwerenga mafunso, ine ndikumenya zilembo. Masiku anayi onsewo ndinkadikira kuti unene kuti "ndinanena ine". Ndinali nditakonzeratu ndi yankho lomwe. Sunanene.

Sindinakupepesepo. Makolo a msinkhu wathu timapepesa pogula nsapato, ndipo nsapato zakuda zija unavala fomu folo zinali zimenezo. Lero ndikulemba ndi mawu: unalondola, ndinalakwa, pepa mwana wanga.

Kumene ukupitako amalume aliko, kungoti avala tayi. Adzakhala bwana wamkulu amene mawu ake achinsinsi ndi dzina la mwana wake woyamba, amene amapatsa kompyuta ya kuntchito ana kunyumba kuti aonerepo mafilimu, amene adzati malamulo ako ndi a makalaliki. Akuba amadziwa kuti mlonda amasecha woyenda pansi, wa galimoto amamutsegulira geti akumwetulira. N'chifukwa chake amakwera galimoto ya abwana. Ukakane monga unakanira tsiku lija: manja kumbuyo, mawu otsika, mapazi osasuntha. Usakachititse munthu manyazi pagulu ngati pali njira ina, umupatule, umufotokozere. Koma ulemu ukhale m'mawu ako, usakhale m'kiyi.

Chachitatu ndicho ndimachisenzabe. Unali ku koleji ku Blantyre. Ndinagula pulinta yatsopano ija yolandira mapepala kuchokera pa foni popanda chingwe, ndipo ndinaikitsa waifai kuti makasitomala azitumiza okha. Amene anatilumikizira anandiuza kuti mawu achinsinsi amene inabwera nawo ndisinthe. Sindinasinthe, poopa kuiwala. Ndinawalemba pakapepala n'kumata pambali pa pulinta, ndipo aliyense wopempha mwaulemu ndinkamuwerengera. Khonde lathu linadzaza anthu oweramira m'mafoni, ine n'kumati shopu yatchuka.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wa ku Dambe. Dzina lake sindilemba, ngakhale kwa iwe. Anatsika mapiri onse aja, anadutsa pa boma pamene pali a fotokope, n'kufika kuno kotentha pa chifukwa chimodzi chokha: kuno sadziwika. Anali ndi pepala la kuchipatala lofuna kutumiza kwa mwamuna wake ku Joni. Analitulutsa m'nsalu atalitembenuza, nandifunsa chapansipansi, "Mayi, zikhala pakati pathu, eti?" Ndinamuyankha monyadira kuti, "Muno mapepala salankhula." Ndinalijambula pa pulinta, ndinatumiza, iye n'kumapita. Chithunzicho chinatsala mu foda imene pulinta imaponyamo zonse zojambulidwa. Sindinkadziwa kuti aliyense amene ali pa waifai yathu akhoza kutsegula foda imeneyo atakhala pakhonde. Sabata isanathe pepala lija linali m'magulu a pafoni, ndipo linakwera mapiri kukafika ku Dambe mwachangu kuposa mmene mwini wake anatsikira.

Amene anatenga sindimudziwa mpaka lero. Mwina amandipatsa moni m'mawa uliwonse. Mayi uja anabwera kamodzi, sanalowe. Anaima pakhomo, anandiyang'ana, anati, "Munati salankhula." Anatembenuka n'kumapita. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kukwera minibasi kukajambulitsa ziphaso zawo ku Mwanza. Muno munkangobwera mapepala amene eni ake amafuna kuti anthu aone, makadi a ukwati ndi zidziwitso za misonkhano. Palibe ananditukwana. Kulibwino akananditukwana.

Unabwera Lachisanu lotsatira. Sunafunse kuti walakwa ndani. Unamatula kapepala kaja n'kukang'amba, unasintha mawu achinsinsi a pulinta ndi a waifai, unalekanitsa njira ya makasitomala ndi ya makina athu. Kompyuta yakale ija unaiika pafupi ndi khomo, yopanda intaneti, unati fulashi iliyonse yochokera kunja iziyamba yalowa mmenemo, iunikidwe kaye, ndipo tinaitcha ya alendo. Kenako unaika lamulo limene ine sindikanaliganiza: pepala la munthu likatha ntchito, lifufutidwe mu kompyuta ndi mu pulinta mwini wake akuona, ndipo batani adine ndi iyeyo. Ndinati zimenezo ndi zotaya nthawi. Unati, "Amayi, anthu saona pasiwedi. Amaona chala chawo." Woyamba kudina anali Che Amidu ndi chiphaso chawo cha unzika, ndipo anazungulira msika wonse kuuza anthu kuti adzipha okha mu kompyuta ndipo sizinapweteke. Anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi.

Mayi wa ku Dambe anabwera patadutsa chaka, ndi satifiketi ya mwana wake. Ndinajambula, ndinatumiza, ndinamutembenuzira kompyuta. Anadina, anayang'anitsitsa malo opanda kanthu aja, anati, "Lija mukanatero." Ndinati inde. Amabwerabe, koma moni wake ndi wa mawu awiri, ndipo sindipempha woposa pamenepo.

Kuntchito kwako sudzaona nkhope ngati imeneyo, udzangoona mafayilo ndi manambala. Usadzanyengedwe. Kumbuyo kwa fayilo iliyonse kuli munthu amene anatsika phiri. Tsiku limene udzatope, n'kumati tisintha mawa, kompyuta ikamapempha kuti idzikonze iwe n'kumadina kuti nthawi ina, udzamukumbukire mayi ameneyu.

Chachinayi sukuchidziwa, ndinakubisira. Mwezi wathawu unapita ku Blantyre kukatenga mapepala ako, foni ya shopu n'kulira. Mawu a bambo, ofatsa, a munthu woleredwa. "Moni amayi a Ndaziona. Ndine wa ku kampani imene munagulako pulinta. Yanuyo yapezeka ndi vuto, ikhoza kutseka lero lomwe. Tikutumizirani nambala pa foni, mutiwerengere msangamsanga tikonze." Mtima wanga unafewa pomva dzina lako. Nambala inafikadi, ya manambala asanu ndi imodzi, ndipo ndinali nditawerenga atatu pamene maso anga anagwera pa risiti buku. Pamwamba pake pali dzina lako ndi nambala ya foniyi, monga zilili pachikwangwani panjapo, poti aliyense wodutsa pa njinga akhoza kuwerenga. Pamenepo ndinakumbukira mawu ako aja, kuti woimba yekha n'kumakufulumizitsani mumudule. Kudula munthu foni sindinaleredwe choncho. Ndinamuuza kuti magalasi ndaiwala kunyumba, aimbenso mawa. Sanaimbe. Ndikuganiza akudikirabe magalasiwo.

Ndakuuza kuti udziwe kuti atatu aja ndinawerengadi. Udziwenso kuti atatu enawo sindinawerenge. Anthu amene ukawayang'anire adzakhala ngati ine, osati oipa, ongoleredwa bwino. Wina akadzadina zolakwika n'kubwera kudzakuuza, usadzamuseke, usadzamunyoze. Ukatero wotsatira adzabisa, monga ndinabisira ine, ndipo chobisidwa ndicho chimaola.

Zina ndi za mayi aliyense. Uzidya m'mawa usanapite kuntchito. Ku Lilongwe kumazizira kuposa kuno, juzi yobiriwira ija ndaikamo ngakhale unati ndi ya agogo. Mnyamata wofuna kudziwa mawu achinsinsi a foni yako kuti aone ngati umamukonda, umuuze kuti akafunse amalume ako mmene zimathera. Uziimba Lamlungu masana. Ndipo ukadzayamba kudziwa zambiri, usadzalankhule Chingerezi cha makina kwa munthu amene wabwera ndi mantha.

Tsopano za lero m'mawa, iwe uli kwa telala. Ukudziwa kuti sabata yathayi amalume ako ananena pakhonde pano, Che Amidu akumva, kuti, "Akachoka kapolisi wanuyu tipumako." Lero anabwera magetsi asanathime, atavala jekete, fulashi ili ku makiyi monga kale. Akuti alemba mawu oti akalankhule madzulo ano pokutsanzika, mphunzitsi wina wawatayipira, ine ndingotulutsa. Ndinatambasula dzanja n'kulunjika ku kompyuta ya alendo.

"Iyayi," anatero, "ikani mu yamkatiyo. Mwini lamulo wanyamuka kale."

"Anyamuka mawa, achimwene."

"Ine ndine mlendo muno? Denga la shopu ino anakhoma ndani?"

M'shopu munali anthu atatu, ndipo Che Amidu anali ataima pakhomo ngati akuyang'ana mitambo. Zinali monga tsiku limene ndinakukalipira. Ndinaika manja kumbuyo. Ndinati, "Achimwene, inu si mlendo. Koma fulashi yanuyi yagona m'nyumba zambiri."

Che Amidu anatsokomola mpaka kugwira mzati. Amalume ako anamasula fulashi ku makiyi n'kuiponya pakauntala. Ndinailowetsa mu ya alendo, ndinaunika monga unandiphunzitsira, tonse tikuyang'ana kamzere kakudzaza pang'onopang'ono. Munalibe kanthu. Inali yoyera.

"Waona?" anatero. "Wandichedwetsa chabe."

"Ndaona. Mukabwera nayo mawa tidzaonanso."

Anang'ung'udza kuti matenda a mwana alowa mayi. Ndinatulutsa mapepala awo awiri, ndinawatembenuzira kompyuta, ndipo anadina okha batani lofufutira ndi chala chawo cha khasu chija, osauzidwa. Potuluka anaima pakhomo, osatembenuka, anati, "Bambo athu akanakhalapo akanati chiyani?" Ndinati akanafunsa kaye kuti fulashi n'chiyani. Ndinamva akuseka atafika panjinga.

Ndiye ndi zimenezo, Ndazi. Chitseko ndachitseka ndekha, pamaso pa mwini mbumba, anthu akuona, iwe kulibe. Sindikulonjeza kuti sindidzalakwanso, koma kope limene unandilemberamo malamulo lili m'dirowa, ndipo manja ndadziwa powaika. Ntchitoyo usaigwire ndi diso limodzi. Anthu a ku Lilongwe akutenga munthu amene anakaniza amalume ake ali fomu thiri, ndipo sakudziwa mwayi umene ali nawo. Ine ndikudziwa. Ndinamubala ndine, ngakhale nzeruzo sindikudziwa anazitenga kuti.

Ukufuna kudziwa zimene amalume ako alemba. Ndawerenga, pakuti wotayipa sangaleke kuwerenga. Pali ndime ina, yachitatu, imene nditaiwerenga ndinanamizira kuti ndikufuna mapepala pansi pa kauntala. Pofika nthawi imene ukuwerenga kalatayi ukhala utaimva ndi makutu ako, ngati angalimbe mtima kuiwerenga pagulu. Akaidumpha, ndiye kuti sudzaidziwa. Usadzandifunse pa foni, usadzandinyengerere ndi chitenje cha ku Lilongwe. Ndi pepala la kasitomala, ndipo muno mapepala salankhula.

Uyende bwino, mwana wanga. Mulungu akutsogolere, ndipo aliyense wonena odi umufunse kaye kumene wagona.

Ndine mayi ako.